Za AI pa tigeni tathuti kuno ku Joni, alipo amene ikumuthandizadi?

MmisiriWaCosmo
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso koma ndiyambe ndi dandaulo kaye. Ine ndimaika matayilosi ndi kupenta nyumba, ndili ndi anyamata atatu, timagwira kwambiri mbali ya Randburg, Northriding mpaka Fourways. Sabata yathayi ndaluza ntchito ya nyumba yonse kwa mnyamata woti kusakaniza simenti ndinamuphunzitsa ndine. Madamu a nyumbayo anandiuza mosabisa kuti mtengo wanga unali wotsikirapo, koma kotesheni ya mnzangayo inali yomveka, chilichonse pamzere pake, masiku ogwira ntchito, dipoziti, zonse, pomwe ine ndinangolemba pa WhatsApp kuti ntchito yonse ndi mwakuti basi. Ndafufuza ndamva kuti amalembetsa kwa ChatGPT, imodzi mwa ma AI aja, mapulogalamu oti ukawafunsa amakuyankha n'kukulembera ngati munthu. Mwana wa achemwali anga akuti ankolo lipirani ija ya madola 20 pamwezi muone kusintha, koma imeneyo ndi ndalama ya matumba a simenti atatu abale. Inu amene muli pa geni, kaya saluni, kaya spaza (tigolosale ta m'makomboni tija), kaya zonyamula katundu kupita kumudzi, zinthuzi zikukuthandizanidi kapena ndi zongotchuka?

Nyerere4Life
Achimwene mwaluza ntchito kwa wophunzira wanu ndiye mlandu mukupatsa foni kkkkk

MmisiriWaCosmo
Sekani aise, lendi ikandikwana ndibwera kudzagona kwanu.

NaPhiriWaTelala
Musalipire kaye bambo. Yaulere ilipo ndipo pa zolembalemba imakwana. Ngakhale mu WhatsApp momwemo muli Meta AI, kabwalo kaja kamaoneka pamwamba pa macheza, anakaika mu Epulo 2024 kuno ndi ku Malawi komwe. Ine ndimasoka ku Jeppe, makasitomala anga ambiri ndi Azulu ndi Asutu, Chingelezi changa ndi cha fomu 2. Ndimailembera momwe ndingathere, iyo n'kundikonzera uthenga waulemu wokumbutsa munthu kuti diresi yake yatha miyezi iwiri ili pa hang'ala adzatenge. Kale ndikalemba ndekha anthu ankati ndine wamwano, chonsecho ndi Chingelezi chikundisowa.

Koma ndikuchenjezeni za zithunzi. Mwana wanga anandipangira chithunzi cha diresi ya chinkhoswe ndi kapulogalamu kena, yokongola zoopsa, tinaika pa sitetasi. Mayi wina analipira dipoziti akufuna yomweyo ndendende. Nditakhala pansi kuti ndidule nsalu ndipamene ndinaona kuti diresiyo ilibe msoko paliponse, dzanja lina likuchokera pakhosi, maluwa a chitenjecho akupitirira osaduka ngati anachita kujambula pathupi. Palibe telala angasoke zimenezo. Ndinabweza dipoziti ndi manyazi omwe. Pano ndimajambula zosoka zanga zenizeni, ngakhale kuseri kukuoneka ndowa.

Che_Mangochi_Boy
Dzanja lochokera pakhosi kkkkkk mayi mukanangosoka choncho n'kumuuza kuti ndi sitayilo ya ku Sandton

AdaMakuponi
Ine zimenezi ayi. Ndakhala ndikugulitsa pa spaza ku Diepsloot zaka 11, mutu wanga ndi kabuku ka ngongole zimandikwanira. Ndimadziwa kuti pa 25 mpaka pa 3 shuga ndi mafuta zimathamanga, pakati pa mwezi ndi mazira amodziamodzi ndi buledi wa hafu. Kompyuta idzandiuza chani chomwe sindikudziwa? Izi ndi za anthu a m'maofesi a ku Rosebank.

MlembiWaMabuku
Ndiyankhe motalikirapo, mundikhululukire. Ine ndimasungira mabuku mabizinesi ang'onoang'ono asanu ndi anayi kuno ku Turffontein ndi Rosettenville, ena ndi a Amalawi anzathu, ndiye zimenezi ndikuziona tsiku ndi tsiku.

Choyamba timvetse kuti kanthuka n'chiyani. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, eni ake ndi OpenAI, kenako Google ili ndi Gemini, Microsoft ili ndi Copilot. Zonsezi zinaphunzira pa zolemba zambirimbiri ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kutsatira. N'chifukwa chake pa kalata, pa kotesheni, pa malonda a pa Facebook ndi katswiri. Koma mtengo wa thumba la simenti ku hadiweya ya kwanu lero siikudziwa, ndipo choipa chake siinena kuti sindikudziwa, imangoika nambala yooneka bwino. Ndiye a MmisiriWaCosmo, manambala onse azichoka kwa inu. Muziiuza kuti chipinda ndi mamita 4 kwa 5, matayilosi ndi a 60 kwa 60, ntchito ndimatchaja mwakuti pa sikweya mita, dipoziti ndi theka, ndikonzere pepala laukhondo. Ikatero muwerengenso nokha ndi kakyuleta musanatumize.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupempha mumve bwino. Kasitomala wanga wina wa zamapaipi anauza kapulogalamu kotere kuti kamulembere invoisi, iko n'kuwonjezera VAT ya 15% pansi pake poti ndi mmene mainvoisi ambiri a kuno amaonekera. Iye sanalembetse VAT ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno. Anatumiza mainvoisi atatu choncho akusangalala kuti ndalama yakwera. Kutolera VAT usanalembetse ndi mlandu, si zocheza. Mwamwayi kampani yomwe ankaigwirira ntchito inafunsa nambala yake ya VAT, m'pamene anathamangira kwa ine thukuta lili kamukamu. Tinalembanso zonse.

Kwa a AdaMakuponi, simukulakwa kwenikweni. Koma kabuku kanu ka ngongoleko ndi chuma chomwe ambiri pano alibe. Anthu amafuna AI iwauze ngati akupanga phindu pomwe sanalembepo olo tsiku limodzi zomwe agula ndi zomwe agulitsa. Iwerenga chani? Inuyo mutajambula masamba a miyezi itatu n'kuwaika mu Excel kapena Google Sheets, mutabisa mayina a anthu, ikhoza kukuonetsani katundu amene akungogona pa shelefu atamanga mpamba wanu.

AdaMakuponi
Katundu wogona ndimamuona ndi maso, amachita fumbi.

MlembiWaMabuku
Kkkk chabwino akulu, mwawina.

MmisiriWaCosmo
Zikomo a Mlembi. Za VAT zo mwandiopsa, inenso sindinalembetse. Ndayesa pompano za chipinda cha 4 kwa 5, yandiuza masikweya mita 20, bokosi la matayilosi anayi limakwana 1.44, ndiye mabokosi 14, kenako yati ndiwonjezere 10% ya zoduka ndi zosweka akhale 16. Apo yalondola, ndi momwe ndimachitira inenso. Koma sinandifunse ngati pansi pali polevo kapena ayi, chonsecho ndalama imathera pamenepo.

Nyerere4Life
Ndiye mukufuna ibwere ndi levo ku saiti?

TransporterBT
Ine nkhani yanga ndi yowawa pang'ono. Ndimanyamula katundu kuchoka kuno kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete kukalowera Mwanza kapena Dedza. Mauthenga pa foni yanga amafika mazana patsiku, funso lake limodzimodzi, galimoto inyamuka liti, filiji ndi zingati, katundu wanga wafika pati. Mnyamata wina wa zamakompyuta anandiikira koyankha kokha pa WhatsApp, ndinamulipira bwinobwino. Sabata yoyamba ndinagona tulo. Sabata yachiwiri galimoto inakhala pa boda masiku atatu, mzere wake inu mukuudziwa nthawi ya Disembala, koma kanthu kaja kanali kakuuzabe anthu kuti katundu afika Lachinayi poti ndi zomwe tinakauza poyamba. Gogo wina anakwera minibasi kuchoka ku Thyolo kupita ku Blantyre kukadikira katundu woti ali ku Musina. Mwana wake kuno anandilalatira mpaka ndinabweza thiransipoti ya gogoyo. Ndinakazimitsa. Pano ndimagwiritsa timayankho tosungiratu ta mu WhatsApp Business pa mitengo yokha, za komwe galimoto yafika ndimajambula voisi ndekha.

MlembiWaMabuku
Vuto apo silinali kanthuko kokha, palibe amene ankakauza kuti galimoto yaima. Makampani akuluakulu amalumikiza ndi kachipangizo koonetsa pomwe galimoto ili n'chifukwa chake zimayenda.

TransporterBT
Eya ndi zomwe ananena mnyamatayo, n'kutchula mtengo wina wolumikizira. Walira mvula walira matope, ndinangoti basi zikomo.

Mai_a_Tada
A Transporter pepani ndilowe pambali, galimoto yanu inyamuka liti? Ndili ndi matumba awiri a zovala ndi mbaula ya gasi zopita ku Area 25.

TransporterBT
Mwaona? Funso lomwe lija kkkk. Loweruka mayi, ndipezeni ku inibokosi.

Che_Mangochi_Boy
Pobwera mutitengereko usipa ndi ufa wa mgaiwa akulu, ufa wa m'mashopu muno nsima yake siikhala m'mimba

KwachaYagwa
Usipa wake ugula ndi chani, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse kumudzi ndi moto. Ndimatumiza pa Mukuru ndalama yooneka yambiri, mawa lake amayi akuimbanso kuti yatha. Afunseni AI yanuyo kuti feteleza atsika liti.

Admin_Gulu
Abale tibwerere pa mutu. Za usipa ndi za reti zili ndi malo ake.

SisiWaSaluni
Ine ndiikire kumbuyo AI pang'ono poti mwaiponda kwambiri. Saluni yanga ili ku Yeoville pafupi ndi Rockey Street, mpikisano wake ndi woopsa, khomo lililonse ndi saluni, a ku Congo, a ku Nigeria, a ku Zimbabwe. Kale positala imodzi ndinkalipira munthu, pano ndimapanga ndekha pa Canva, pulogalamu yopangira mapositala, usiku ana akagona, mawu ake imandithandiza AI. Inandipatsanso nzeru yoti ndizilemba tsiku lomwe kasitomala waluka, pakatha masabata asanu ndimutumizire uthenga womukumbutsa. Nzeru yophweka koma zaka zonsezi sindinaiganizire. Lachiwiri ndi Lachitatu omwe ndinkangokhala n'kumaonera TV pano ndimapezako mitu itatu inayi. Sindinalipirepo kalikonse kupatula bandulo.

Chomwe ndadana nacho ndi Chichewa chake. Ndinaiuza kuti ilembe malonda m'Chichewa kuti ndiike pa gulu la amayi a kumpingo, zomwe inalembazo ngati kalata ya kwa DC, mawu ena oti sindinawamvepo chibadwire. Amayi anandifunsa ngati ndayamba kudwala.

AphunzitsiAkale
Chifukwa chake n'chakuti zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi Chingelezi, ndipo zambiri mwa zochepazo ndi zachipembedzo ndi zikalata za mabungwe zomasuliridwa. Ndiye imayankhula monga momwe inawerengera. Google Translate inaika Chichewa mu 2014 koma mpaka lero ukaipatsa mwambi imamasulira liwu ndi liwu. Chizulu chimayendako bwino pang'ono. Ine ndimalangiza kuti Chichewa muzilemba nokha achemwali, ndi chanu, kasitomala wachimalawi amafuna amve kuti akuyankhula ndi munthu wakwawo.

SisiWaSaluni
Zoona aphunzitsi, ndinasiya.

MlondaWaUsiku
Palibe amene akukamba za ntchito za anthu. Mlamu wanga ankayankha mafoni ndi maimelo pa kampani ina yaing'ono yokonza mageti ku Kempton Park. Abwana anaika zoyankha zokhazi, anamuchepetsera masiku kuchoka asanu kufika awiri pa sabata. Malipiro otsikitsitsa boma linawaika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, werengani nokha masiku awiri akupeza zingati, lendi ya chipinda ku Tembisa ayichotse pomwepo. Inu mukusangalala kuti simukulipiranso wopanga positala, wopanga positalayo ndi mwana wa munthunso, mwinanso ndi Mmalawi mnzathu.

SisiWaSaluni
Achimwene ndikumva chisoni ndi alamu anuwo koma musandiike mlandu. Ineyo ndikapanda kupeza makasitomala atsikana anga awiri oluka ndiwalipira chani? Wa positala uja ankatenga sabata kuti andipatse, nthawi zina atalakwitsa nambala ya foni.

MlondaWaUsiku
Sindikukuimbani mlandu, ndikungoti tiziona mbali zonse. Lero ndi iye, mawa makamera anzeruwa atichotsa ife alonda.

Nyerere4Life
Kamera singathamangitse tsotsi man, khalani phee

MlembiWaMabuku
A Mlonda akunena zoona ndipo inenso zikundikhudza. Ntchito yolowetsa malisiti m'kompyuta yomwe inkanditengera masiku awiri pano mapulogalamu a zowerengera ndalama amawerenga chithunzi cha lisiti okha. Ndikanakhala kuti ndimangodalira imeneyo bwenzi nditapakira. Chomwe chandisunga n'choti lisiti la ku China Mall kapena Dragon City lolembedwa pamanja, lofufutika, makina amaliwerenga molakwika, ndipo SARS ikafunsa mafunso pamafunika munthu woti akayankhe. Alamu anuwo ngati angathe aphunzire kuyendetsa zinthu zomwezo, chifukwa abwana aja posachedwa aona zomwe anaona a Transporter, pafunika munthu wozilondera.

LoyaWaMtsogolo
Ndiwonjezere za malamulo poti ndikuphunzira zimenezo. Kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo silisankha kuti bizinesi ndi yaikulu kapena ndi ya pa khonde. Mukatenga mayina, manambala a foni, maadiresi kapena zithunzi za mapasipoti a makasitomala n'kuziponya mu AI kuti ikusanjireni, mwazipereka kwa kampani ina popanda chilolezo cha eni ake. A Transporter makamaka inu mumasunga zambiri za anthu. Chotsani mayina kaye, ikani manambala.

Chinanso, musaifunse za mapepala n'kukhulupirira. Kumapeto kwa 2024 a Ramaphosa atalamula kuti ma spaza onse alembetsedwe, pambuyo pa imfa za ana aja a ku Naledi ku Soweto, tsiku lomaliza linasunthidwa mpaka pa 28 Febuluwale 2025. Nthawi imeneyo anthu ankatumizirana mayankho a AI pa magulu onena kuti chofunika ndi chakuti ndi chakuti, zina zosemphana ndi zomwe ofesi ya masipala inkafuna. Nkhani ya pemiti, ya CIPC (ofesi yolembetsa makampani), ya msonkho, pitani pa webusaiti yawo kapena ku ofesi. Ngakhale maloya enieni anagwa nazo, ku khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg kumayambiriro kwa 2025 woweruza anapeza kuti milandu ina yomwe maloya anatchula ngati umboni kulibe n'komwe, ndipo nkhaniyo anaitumiza ku bungwe loona za maloya. Ngati loya wa digiri anapusitsidwa, kuli bwanji ife.

AdaMakuponi
Mwamva? Ine ndi kabuku kanga sitinapiteko ku khoti.

Che_Mangochi_Boy
Ada inu mpaka makina a khadi munakana, anthu akulipira pa Yoco kwa Msomali wa pafupi nanu inu muli kashi kashi

AdaMakuponi
Makinawo ndinagula chaka chatha iwe, usandinamizire. Ndinaona kuti anthu akundidutsa. Izinso ndikadzaona kuti akundidutsa ndidzagula, panopa sindinaone.

MaiBusaRoodepoort
Ine ndimaphika zakudya za pa maukwati ndi pa maliro. Ndingokuchenjezani za mbava, nazonso zaphunzira. Mwezi wathawu wina anaoda chakudya cha anthu 80, ananditumizira umboni wa kubanki woti walipira, wooneka bwinobwino ndi chizindikiro cha banki chomwe, uthenga wake Chingelezi chosalala ngati cha nesi wamkulu. Kale tinkawagwira ndi sipelo yolakwika, pano salakwitsanso. Mwamuna wanga ndi amene anati tisagule nyama mpaka ndalama ionekere mu akaunti mwathu. Mpaka lero sinaoneke. Ndikanapita ku City Deep kukagula zamasamba ndi ndalama yanga bwenzi ndikulira.

Koma pa kuwerengera ndimaigwiritsa. Ndinaiuza muyezo wanga wa mpunga ndi nkhuku wa anthu 20, imandichulukitsira kufika pa 80 kapena 150 n'kundilembera mndandanda wokagula. Kungoti siidziwa kuti Amalawi pa ukwati amadya kawiri, ena n'kunyamulako m'zikhwama, ndiye ndimawonjezera ndekha.

Nyerere4Life
Amayi mwatiyalutsa pagulu kkkkk

KwachaYagwa
Funso langa ndi la bandulo. Zimenezi sizimadya data?

SisiWaSaluni
Zolemba sizidya kwenikweni, TikTok ya theka la ola imadya kuposa. Zithunzi ndi mavidiyo ndiye zimadya. Vuto ndi magetsi akazima netiweki n'kugwa, ngati nthawi ya siteji 6 ija mu 2023 pomwe ankazima maola ambiri patsiku, pamenepo olo ukhale ndi AI khumi umabwerera ku bolopeni.

MmisiriWaCosmo
Ndabweranso abale. Dzulo ndinakaona ntchito ya mabafa awiri ku Weltevreden Park. Ndinayeza ndekha, mitengo ndinakafunsa ku hadiweya ndekha, pansi pa bafa limodzi ndinapeza kuti ndi popendekera ndiye ndinawonjezera matumba a zolevulira. Madzulo ndinakhala ndi mwana wa achemwali uja, tinagwiritsa yaulere, ndinkanena iye akulemba. Inatulutsa pepala labwino, koma a Mlembi munalosera, pansi pake inaika VAT, ndinaichotsa. Inalembanso kuti ndikupereka galanti ya zaka ziwiri zomwe sindinanene, ndinasintha kukhala miyezi isanu ndi umodzi pa ntchito ya manja yokha. Ndatumiza ngati PDF m'mawa uno. Bwanayo wayankha kuti aonane kaye ndi akazi ake, wafunsanso ngati ndingayambe Lolemba likubwerali, ndiye sindikudziwa, tiona.

MlembiWaMabuku
Pepala limenelo lisungeni, ntchito ina muzingosintha manambala, simufunikanso kuifunsa kuyambira pachiyambi. Ndipo muike nambala pa kotesheni iliyonse, 001, 002, choncho, mudzandithokoza kumapeto kwa chaka.

TransporterBT
Mukaipata ntchitoyo matayilosi otsala musataye akulu, ndikumanga ku Chileka, ndidzatenga ndi a mitundu yosiyana omwe.

MmisiriWaCosmo
Alipo kale mabokosi atatu kuseri kwa nyumba, awiri oyera limodzi lotuwa. Mukabwera Loweruka musanapakire mundiimbire.